Kusonkhanitsa ndalama zakale zamapepala za ku China: poyambira ndi pofunika kusamala

Pepala la 5 yuan la Bank of Communications lolembedwa chaka cha 1914 ndi lokongola kwabasi. Pali sitima yamalasha ikukoka mabogi, mizere ya chithunzi ndi yosalala bwino, ndipo ambiri ali ndi chidindo cha Shanghai. Lapitirira zaka 100, koma mungaligule ndi ndalama yochepa, chifukwa anasindikiza ambirimbiri ndipo ambiri anasungika. Pepala la 10 yuan lolembedwa 1953 ndi la posachedwa poyerekeza ndi linalo, koma likakhala losapindika limagulidwa madola oposa 10,000 pa okushoni. Musanatulutse kobiri gwirani mfundo iyi: ukale pawokha supereka mtengo. Mtengo umabwera ndi kuchepa kwa mapepala otsala, mmene pepalalo lasungikira, ndi kuchuluka kwa olifuna, omwe ambiri ali ku China komweko ndi ku Hong Kong.

Poyamba, phunzirani kuwerenga pepalalo

Simukuyenera kudziwa Chitchaina kuti muyambe. Pa pepala lililonse mukufunapo zinthu zitatu: banki imene inalitulutsa, kuchuluka kwa ndalama, ndi chaka.

Dzina la banki limakhala pamwamba, kumaso kwa pepala. Funani zilembo ziwiri izi, 銀行, zomwe zikuimira banki, kenako onani zoyandikana nazo. 中央銀行 ndi Central Bank of China, 中國銀行 ndi Bank of China, 交通銀行 ndi Bank of Communications, 中國農民銀行 ndi Farmers Bank of China, ndipo 中國人民銀行 ndi People's Bank of China, banki imene ikutulutsa ndalama za dzikolo lero. Mapepala ambiri a 1950 isanafike amawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, choncho dzina loyambalo mulipeza litaima chonchi: 行銀央中. Mukasokonezeka tembenuzani pepalalo, poti mabanki ambiri a nthawi imeneyo ankalemba kuseri m'Chingerezi.

Pa kuchuluka kwa ndalama salemba manambala awo a masiku onse, chifukwa pa 一 munthu atha kuwonjezerapo kamzere kamodzi n'kusanduka 二 kapena 十. Amalemba ovuta kusintha: 壹 ndi 1, 貳 ndi 2, 伍 ndi 5, 拾 ndi 10, 佰 ndi 100, 仟 ndi 1,000, 萬 ndi 10,000. Chilembo cha 圓 ndi yuan, 角 ndi jiao, ndipo 分 ndi fen. Ma jiao 10 kapena ma fen 100 amapanga yuan imodzi. Koperani zilembozi pa kapepala, muziyenda nako m'chikwama mpaka zitalowa m'mutu.

Chaka ndicho chimapusitsa ambiri. Boma limene linalowa ufumu wa Qing utagwa linkawerenga 1912 ngati chaka choyamba. Mukaona 中華民國二十五年, akunena chaka cha 25 cha bomalo. Wonjezerani 1911 ndipo mupeza 1936. Nambala ikapitirira 38, ndiye kuti 1949 yadutsa ndipo pepalalo ndi la boma la Chiang Kai-shek litathawira kale ku Taiwan. Apa a ku Malawi tisamale. Dziko lathu linali paubale ndi Taiwan kuyambira 1966 mpaka kumapeto kwa 2007, ndiye pepala lachitchaina limene mwalipeza m'sutikesi ya bambo amene anapitako kusukulu kapena kuntchito lingakhale la Bank of Taiwan, 臺灣銀行. Lisungeni ndithu, koma ndi la gulu lina.

Komanso chaka cholembedwa si nthawi zonse chimakhala chaka chimene pepala linasindikizidwa. Tengani timapepala ta 1, 2 ndi 5 fen tolembedwa 1953, tojambulidwa lole, ndege ndi sitima yapamadzi. Toyambirira, tomwe tinatuluka mu 1955, tili ndi manambala achiroma atatu otsatiridwa ndi manambala wamba 7. Mu 1981 banki inayambanso kutisindikiza osasintha chaka, koma inachotsa manambala wamba aja n'kusiya achiroma okha. Topanda manambala timagulitsidwa m'mitolo motchipa. Ta manambala, makamaka ka 5 fen, n'tosowa. Chithunzi chimodzi, chaka chimodzi, mitengo yotalikirana kwambiri.

Kenako sankhani nyengo imodzi

Amene anatulutsapo ndalama zamapepala ku China ndi mazanamazana: maboma, zigawo, magulu ankhondo, mabanki akunja monga Hongkong and Shanghai Banking Corporation, ngakhale masitolo. Wofuna zonse amangomwaza ndalama, osamaliza gulu ngakhale limodzi.

Za mafumu ndi zofunika kuzidziwa, koma si poyambira. Amalonda a ku Chengdu, m'chigawo cha Sichuan, atatopa ndi kusenza makobidi achitsulo olemera, anayamba kupatsana mapepala otchedwa jiaozi, ndipo mu 1023 boma la ufumu wa Song linatenga ntchitoyo kukhala yake. Palibe jiaozi weniweni amene anasungika mpaka lero, choncho wina akakuonetsani kuti mugule, ndi wopanga ameneyo. Kublai Khan anatulutsa mapepala ake mu 1260, ndipo ndi amene Marco Polo anadabwa nawo. Lakale limene limaonekaoneka pamsika ndi la 1 guan la ufumu wa Ming, lomwe linayamba mu 1375 pa nthawi ya mfumu Hongwu. Ndi chipepala chotuwa cha makungwa a mtengo wa mabulosi, pafupifupi masentimita 34 mulitali ndi 22 mulifupi, cha zidindo zofiira. Pakati anajambulapo zingwe 10 za makobidi otungidwa kuti wosadziwa kuwerenga aone mtengo wake ndi maso. Mmunsi muli chenjezo: wopanga ndalama yachinyengo adulidwa mutu, ndipo womuulula alandira ma tael (muyeso wa kulemera kwa siliva) 250 a siliva pamodzi ndi katundu wa wolakwayo. Boma linkangosindikiza osaleka, mpaka pofika pakati pa zaka za m'ma 1400 anthu anali atalitaya n'kubwerera ku siliva. Ndi lodula, ndipo zabodza zake zachuluka. Chimodzimodzi mapepala amene ufumu wa Qing unatulutsa mu 1853 pofuna ndalama zomenyera nkhondo ya Taiping.

Ine ndimalangiza kuyambira pa zaka za 1935 mpaka 1949. Mapepala ake ndi otchipa, osindikizidwa mwaluso, ndipo mukawayala pa tebulo motsatana amafotokoza okha zimene zinachitikira dziko. Mu 1934 America inayamba kugula siliva wambiri, siliva wa ku China n'kumathawira kunja. Mu November 1935 boma linasiya ndalama zasiliva n'kulamula kuti mapepala a Central Bank, Bank of China ndi Bank of Communications ndiwo ndalama zovomerezeka, zotchedwa fabi. Farmers Bank inawonjezedwa chaka chotsatira. Ambiri mwa mapepalawa anasindikizidwa kunja, ku American Bank Note Company, ku Waterlow & Sons ndi ku Thomas De La Rue, kampani imene yasindikizaponso Kwacha yathu. Dzina la wosindikiza lili mmunsi mwa pepala m'tizilembo tating'ono. Nkhope imene mudzaiona kwambiri ndi ya Sun Yat-sen, mtsogoleri woyamba wa boma limene linalowa m'malo mwa ufumu wa Qing.

Nkhondo ndi Japan itabuka mu 1937, boma linayamba kulipirira asilikali posindikiza ndalama. Yambani ndi 1, 5 ndi 10 yuan za 1936, kenako tsatirani manambala mmene akukwerera chaka ndi chaka. Muonanso pepala likupepuka ndi utoto ukufooka pa mapepala amene anasindikizidwa m'dziko momwemo nkhondo ili mkati. Mudzakumana ndi mapepala oimirira, osati opingasa, otchedwa Customs Gold Units. Ambiri alembedwa 1930, koma anafalikira m'manja mwa anthu wamba kuyambira 1942. Mu August 1948 boma linabweretsa gold yuan, imodzi kusinthana ndi ma fabi 3,000,000, ndipo linakakamiza anthu kupereka golide, siliva ndi ndalama zakunja zimene anali nazo kuti alandire mapepala atsopanowa. Pasanathe chaka panali patatuluka kale pepala la 1,000,000 gold yuan. Mabanja amene anamvera lamulo anatsala ndi mapepala osagula kanthu, ndipo chikhulupiriro chimene chinatsala pa bomalo chinathera pomwepo. Ku Xinjiang, mu 1949, banki ya chigawo inafika potulutsa pepala la ma yuan 6,000,000,000. Abale athu a ku Zimbabwe amene anagwirako pepala la 100 trillion sasowa kuwafotokozera mmene zimapwetekera. M'zaka zomwezi madera olandidwa ndi Japan anali ndi mabanki awo, Federal Reserve Bank of China ku Beijing kuyambira 1938 ndi Central Reserve Bank of China ku Nanjing kuyambira 1941, ndipo mapepala awonso ambiri si odula.

Ngati mtima wanu uli pa ndalama za boma lilipoli, renminbi, dziwani kuti mukulowa kumene ogula achitchaina akupikisana kwambiri. People's Bank of China inakhazikitsidwa pa 1 December 1948 ku Shijiazhuang. Gulu loyamba la ndalama zimene bankiyi inatulutsa lili ndi mitundu 62, kuyambira 1 yuan mpaka 50,000 yuan, ndipo mulibe nkhope ya Mao Zedong. Muli alimi, mafakitale, milatho ndi sitima. Losowa kwambiri ndi la 10,000 yuan la 1951 lojambulidwa munthu woweta mahatchi, lomwe linkagwira ntchito ku Inner Mongolia, ndipo limagulidwa mamiliyoni a yuan. Gulu lachiwiri linatuluka pa 1 March 1955, yuan imodzi yatsopano kusinthana ndi 10,000 zakale. Mapepala a 3, 5 ndi 10 yuan olembedwa 1953 anasindikizidwa ku Soviet Union. Ubale wa mayiko awiriwa utasokonekera, boma linaopa kuti zosindikizira zili m'manja mwa anthu amene sakugwirizananso nawo, ndipo mu 1964 linapatsa anthu mwezi umodzi kuti abweze mapepalawo ku banki. Ma yuan 10 inali ndalama yaikulu masiku amenewo, ndiye ochepa okha ndi amene akanatha kuibisa m'buku n'kuilola kufa. N'chifukwa chake pepala lakuda lija la 10 yuan likusowa chonchi.

Woyamba kumene apite ku gulu lachitatu, lomwe linayamba mu 1962 n'kuchotsedwa mu 2000. Ndi gulu la anthu ogwira ntchito: pa 1 yuan pali mayi akuyendetsa thalakitala, chithunzi chochokera pa Liang Jun amene anamwalira mu 2020, pa 2 yuan pali mmisiri pa makina osulira zitsulo, pa 5 yuan pali wosungunula chitsulo. Kuseri dzina la banki lalembedwanso m'zilankhulo za anthu a Mongol, Tibet, Uyghur ndi Zhuang. Anthu a ku China amene anakula ndi ndalamazi amazikonda, n'chifukwa chake mitengo yake yakhala ikukwera. Pa gulu lachinayi, la 1987, pepala lofunidwa ndi la 50 yuan lolembedwa 1980, osati la 1990. Wofuna kagulu kakang'ono koti amalize msanga atenge Foreign Exchange Certificates, zomwe Bank of China inkapatsa alendo akunja kuyambira 1980 mpaka 1994.

Pezani nambala yake m'katalogi

Ogulitsa padziko lonse amatchula mapepala ndi nambala ya Pick, yochokera m'katalogi ya Standard Catalog of World Paper Money imene Albert Pick anayambitsa. Mukapeza nambalayo werengani ndi timalemba totsatira, chifukwa pepala limodzi limatha kukhala ndi mitundu ingapo: siginecha yosiyana, utoto wosiyana wa manambala, kapena dzina la mzinda losiyana. Pepala la 1914 lija likakhala ndi chidindo cha Shanghai ndi wamba, koma la mizinda ina lingakhale lodula kangapo. Mitengo ya m'katalogi imakalamba msanga. Onani mitengo imene mapepala ofanana anagulidwadi pa okushoni za Spink, Stack's Bowers ndi Heritage, osati imene ogulitsa akungotchula pa intaneti.

Yesani mmene lasungikira

Zimitsani magetsi, gonekani pepalalo pa tebulo loyera, muunike ndi tochi kuchokera pambali, kuwala kukhale ngati kukukwawa pa pepala. Mzere uliwonse wa kupinda umatuluka, ngakhale umene wina anausita. Kenako lozetsani pepalalo kowala muone tizibowo ta pini, malo omatidwa, ndi watermark, chizindikiro cha mkati mwa pepala chooneka pokhapokha mukaliloza kowala. Onani ngodya zonse zinayi ngati zili zosongoka. Yezani ndi rula, chifukwa ena amameta m'mphepete kuti pepala lioneke latsopano. La 10 yuan la 1953 liyenera kukhala mamilimita 210 ndi 85.

Pepala losagwiritsidwapo ntchito amalitcha UNC, ndipo mmunsi mwake muli AU, EF, VF, F kutsika choncho. Kampani ya PMG imayeza kuyambira 1 mpaka 70 n'kutsekera pepalalo m'pulasitiki yokhala ndi nambala, ndipo ikalemba EPQ ndiye kuti pepala silinachapidwe kapena kusitidwa. Kupinda kumodzi pakati kumatha kugwetsa mtengo kwambiri. Pa mapepala wamba gulani labwino koposa limene thumba lanu lingakwanitse, chifukwa lothaitha la mtundu wamba simudzapeza woligula. Manambala nawo amasuntha mtengo: ogula achitchaina amakonda 8 ndipo amapewa 4.

Chenjerani ndi zabodza

Zoyamba kuzichotsa ndi zimene si ndalama n'komwe. Mapepala olembedwa Hell Bank Note, okhala ndi mfumu yovala chisoti cha mikanda ndi manambala a mabiliyoni, ndi owotcha pamaliro ndi pokumbukira makolo. Ndi mwambo wolemekezeka kwa eni ake, koma sanagulepo kanthu pamsika uliwonse.

Zina zonse zifunika galasi lokulitsa zinthu ka 10, lija amagwiritsa ntchito okonza mawotchi. Mapepala a American Bank Note Company, De La Rue ndi Waterlow anasindikizidwa ndi zitsulo zogoba, choncho inki imatukuka pang'ono ndipo mukayendetsa chala pa kolala ya Sun Yat-sen mumva kukhakhala. Pansi pa galasi nkhope yake ndi mizere yeniyeni yosaduka. Mukaona timadontho ta buluu, tofiira ndi tachikasu, limenelo latuluka m'makina a masiku ano. Musadalire kukhakhala kokha, chifukwa mapepala ambiri enieni a nthawi ya nkhondo ndi a gulu loyamba la renminbi ndi osalala. Pamenepo yerekezani ndi chithunzi cha pepala loyezedwa kale, chilembo ndi chilembo. Lembaninso nambala ya pepala pa intaneti muifufuze. Opanga zabodza amakonda kubwereza nambala imodzi pa mapepala ambiri. Pepala lofiirira mofanana paliponse koma lopanda mzere wa kupinda lingakhale loviikidwa mu tiyi.

Zovuta kwambiri ndi mapepala enieni amene asinthidwa. Ka 1 jiao ka 1962 koyambirira kanali kobiriwira kuseri, anthu n'kumakasokoneza ndi ka 2 jiao, ndiye banki inasintha kuseriko kukhala kofiirira. Kobiriwira n'kosowa, makamaka kokhala ndi watermark ya nyenyezi, choncho achinyengo amathira mankhwala pa kofiirira kuti kabiriwire. Enieniwo ali ndi magulu odziwika a manambala achiroma, ndiye fananitsani ndi katalogi. Pa timapepala ta fen tija ena amadindapo manambala wamba pambuyo pake. Pansi pa galasi inki yake siifanana ndi ya manambala achiroma oyandikana nawo.

Pogula

Mapepala 10 kapena 20 oyamba akhale otchipa, kuti zala ndi maso zizolowere pepala lenileni musanaike ndalama zambiri. Gulani kwa amene amaonetsa mbali zonse ziwiri za pepala lomwelo limene mulandire ndipo amalola kubweza katundu. Ogulitsa amene ali mamembala a International Bank Note Society, bungwe lomwe linayamba mu 1961, ali ndi malamulo owamanga. Pepala lodula ligulidwe loyezedwa kale, ndipo nambala ya pa pulasitiki muitsimikize pa webusayiti ya kampani yoyezayo, poti achinyengo amapanganso mapulasitiki abodza. Amene mumapita ku Guangzhou kapena ku Yiwu kukaoda katundu, mabuku a ndalama zakale ogulitsidwa kwa alendo muwatenge ngati zikumbutso basi. Dziwaninso kuti malamulo a China amaletsa kutulutsa m'dziko zinthu zakale zopangidwa 1911 isanafike, ndipo za 1949 isanafike zimafunika kuunikidwa ndi boma, choncho funsani musanalongedze.

Posunga

Musachape, musasite, musamate selotepi, ndipo koposa zonse musapite nalo kokamata pulasitiki ngati chiphaso. Pepala lomatidwa choncho latha mtengo ndipo silibwereranso. Ligwireni m'mphepete ndi manja osamba, ouma. Lililonse likhale m'kathumba kakekake ka polyester, kamene ogulitsa amakatcha Mylar. Mapulasitiki ofewa a PVC amatulutsa mafuta amene amadetsa pepala pakapita zaka. Raba ndi zopanira zachitsulo zisayandikire.

Kwathu kuno adani ndi chinyezi cha dzinja, chiswe, njenjete ndi mphemvu. Ikani mapepala m'bokosi lotseka bwino, pamalo okwera, kutali ndi khoma lakunja ndi dzuwa. M'bokosimo ponyanimo timatumba ta silika tija timabwera m'makatoni a nsapato, ndipo muzitisintha mvula ikayamba. Khalani ndi kope lolembamo banki, chaka, nambala ya Pick, nambala ya pepala, kumene munagula ndi mtengo wake, chifukwa wodzagula kwa inu adzafunsa zimenezi, ndipo mukaberedwa ndi umboni wanu. Tsegulani bokosi kamodzi pa miyezi ingapo. Pepala likayamba madontho ofiirira lipatuleni kwa anzake, musinthe malo osungira, ndipo madonthowo musayese kuwachotsa ndi mankhwala.